Yamaha Stagepas 600BT: kodi n'choyenera bandi yaing'ono ya kwathu kuno?

Nyimbo za pa chinkhoswe, pa ukwati kapena pa chitsitsimutso cha mpingo zimakoma chifukwa anthu amavomera. Woimba akayambitsa, amayi amapolokoza, ana amalowa m'bwalo, wina amaimba nthungululu. Chokuzira mawu chabwino pa malo otere ndi chimene chimakweza mawu a wotsogolera nyimbo popanda kumiza anthu ovomerawo. Pa mfundo imeneyi Stagepas 600BT ikukhoza, ngakhale ili ndi zofooka zake zimene wogula ayenera kudziwiratu.

M'katoni mumakhala masipika awiri a mainchesi 10, mikisa (bokosi losakanizira mawu) ya matchanelo 10 yokhala ndi ampu (chopatsa mawu mphamvu) mkati mwake, ndi nthambo ziwiri za masipika za mamita 6. Mphamvu yolembedwa ndi mawati 680, kutanthauza 340 mbali iliyonse. Mikisayo imamatirira kumbuyo kwa sipika imodzi, ndipo kumbuyo kwa inzakeyo kuli malo osungiramo nthambo. Zonse pamodzi zimalemera pafupifupi makilogalamu 25, moti anthu awiri amanyamula bwinobwino n'kukwera nazo minibasi. Mitengo yoimikapo masipika ndi mamaiki mugula padera.

Nambala 10 ija isakunamizeni. Malo olowetsa maiki ndi anayi okha, tchanelo 1 mpaka 4. Otsalawo ndi a awiriawiri, oyenera kiyibodi, foni kapena Bluetooth yoseweretsa nyimbo panthawi yopuma. Bandi ya gitala, babatoni, ng'oma ndi oimba atatu imadzaza malo onsewo nthawi yomweyo. Kagawidwe kamene kamayenda bwino ndi aka: woimba wamkulu pa 1, ovomera awiri agawane maiki imodzi pa 2, babatoni pa 3, gitala pa 4. Tchanelo 4 ili ndi batani la Hi-Z, ndipo mukalidina gitala imalowa mwachindunji osafooka mawu. Ng'oma, maseche ndi visekese zisiyeni zopanda maiki. Muholo ya tchalitchi kapena ya sukulu zimamveka zokha, ndipo mukaziika maiki ndi pamene woimba amasowa.

Babatoni ndiye imavuta. Mawu ake ndi apansi kwambiri, ndipo sipika ya mainchesi 10 singawatulutse onse. Ikani maiki ya dynamic (maiki wamba yoimbira) pafupifupi masentimita 10 kuchokera pachikopa, chapambali osati pakati penipeni. Ambiri amapotoza LOW, batani la mawu apansi, mpaka kumapeto pofuna kuti besi igunde pamtima. Zotsatira zake nyali ya LIMITER, yochenjeza kuti mawu afika pamalire, imayaka, mawu a woimba n'kuyamba kuphwanyika, chifukwa ampu ikuthera mphamvu pa besiyo. LOW ikhale pakati, MID (mawu apakati) muikweze pang'ono kuti kulira kwa chingwe kumveke. Ofuna besi yogwedeza pansi agule sabuwufa (sipika ya mawu apansi okhaokha) yokhala ndi ampu yake. Polumikizira pake palipo, ndipo ikalumikizidwa masipika awiri aja amapepukidwa.

Kuliza likhweru kwa masipika kumabwera maiki ikamva mawu ochokera m'sipika n'kuwabwezanso. Makinawa ali ndi batani lothana ndi vutoli, ndipo limathandizadi, koma silingakonze kaikidwe kolakwika. Masipika akhale kutsogolo kwa oimba, atayang'ana kwa anthu, pamwamba pa mitu yawo. Mukawaika pansi, anthu a mzere woyamba amatsekereza mawu onse, a kumbuyo n'kumakuwa kuti mukweze. Woimba asafumbatire mutu wa maiki, chizolowezi chimene achinyamata amachikonda, chifukwa kutero kumachititsa maiki kumva mbali zonse. Nthawi ya perekaniperekani yang'anirani woyendetsa mwambo: akamayenda ndi maiki kutsogolo kwa sipika, tsitsani tchanelo chake asanafike. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, reverb (yochititsa mawu kubwerera ngati m'phanga) muichepetse kwambiri kapena muizimitse, poti nyumbayo imabweza kale mawu yokha.

Chofooka chachikulu ndi monita, sipika yoti oimba azidzimvera okha. Potulukira pake palipo, koma pamafuna sipika ina yokhala ndi ampu, ndipo imatulutsa zomwezo zimene anthu akumva. Simungampatse woimba mawu ake okha. Pa bandi yaing'ono zimapiririka ngati oimba aima moyandikana n'kumamvana ndi makutu, monga amachitira pophunzira pakhonde. Chinanso, magetsi a phantom (amene mikisa imatumiza ku maiki kudzera m'nthambo) pa tchanelo 1 ndi 2 ndi mavoti 30, pamene mamaiki ena a condenser, mtundu wosagwira ntchito popanda magetsi, amafuna 48. Amene akufuna kutola kwaya yonse ndi maiki yotere ayese kaye asanalipire.

Za magetsi n'zofunika kusamala kuposa zonse. Makinawa salira magetsi ambiri, kajenereta kakang'ono kamawakwanira, koma kakhale koti mphamvu yake sikwera ndi kutsika. Yambani mwaliza jenereta, idikireni ikhazikike, kenako muyatse mikisa MASTER (yokwezera mawu onse) ili pansi. Pomaliza zimitsani mikisa jenereta isanazime. Musalumikize pamzere umodzi ndi firiji ya zakumwa, chifukwa firijiyo ikamadzuka mumamva kuthetheka m'masipika. Ogwiritsa ntchito sola ndi batire asankhe invata ya pure sine wave. Zotchipa zija zimabweretsa kung'ung'uza kosatha. Nyengo ya fumbi ndi kutentha ya Okutobala, mikisa ikhale pamthunzi, patebulo, ndipo musaiphimbe ndi chitenje ikugwira ntchito, poti mabowo ake opumira akatsekeka imatentha.

Mtengo wake ndi wokwera, ndipo umasintha ndi mphamvu ya kwacha popeza ndi katundu wochokera kunja. Kwa kwaya, bandi ya anthu anayi kapena asanu, kapena gulu losonkherana ndalama kuti lizibwereketsa pa zinkhoswe, n'chogula chanzeru chifukwa aliyense amaphunzira kuchilumikiza tsiku limodzi. Pa bwalo la mpira kapena pamchenga wa kunyanja, pomwe mphepo imamwaza mawu, mphamvu yake ndi yochepa, kumeneko bwerekani zida zazikulu. Mukamagula yogwirapo kale ntchito, yesani tchanelo chilichonse ndi maiki, mupotoze mabatani onse kumvera ngati akukhwekhwereza, ndipo muonetsetse kuti sipika iliyonse ikutulutsa mawu apamwamba, chifukwa kasipika kakang'ono ka mawu osongoka ndi kamene kamayamba kupsa.