Phukusi lophunzitsira nkhondo ya Adwa: mapu ndi abwino, kabuku ndiye kaperewera

Muphukusili muli mapu atatu a pakhoma okutidwa ndi pulasitiki, makadi 40 a atsogoleri ndi magulu a asilikali, ndi kabuku ka mphunzitsi. Nkhani yake ndi nkhondo ya ku Adwa, imene Ethiopia inagonjetsa Italy mu 1896. Taligwiritsa ntchito teremu yathunthu m'makalasi a mbiri yakale.

Mapu oyamba ndiwo aposa onse. Akuonetsa njira zimene anthu a ku Ethiopia anadzera Mfumu Menelik II itaitana dziko lonse kunkhondo mu Seputembala 1895, ng'oma ya negarit ikulira. Mivi yofiira ikuchokera ku Shewa kupita ku Were Ilu, ina ku Harar ndi Ras Makonnen, ina ku Gojjam ndi Tekle Haymanot, ina ku Wollo ndi Ras Mikael, yonse n'kuloza kumpoto. Wophunzira akaika khadi la mtsogoleri aliyense pa njira yake, amadzionera yekha kuti asilikali pafupifupi 100,000 aja anasonkhanitsidwa kudera ndi dera. Ena mwa atsogoleriwa anali atakanganapo ndi Menelik, ndipo Italy inkadalira kuti agawanika. Khadi la Ras Mengesha wa ku Tigray likufotokoza zimenezi bwino kwambiri kumbuyo kwake.

Mapu achiwiri ndi a Amba Alagi ndi Mekelle, kumene anamenyana nkhondo ya ku Adwa isanafike. Apa pali kadontho kabuluu pa kasupe amene Mfumukazi Taytu, mkazi wa Menelik, analamula kuti atsekedwe mu Januwale 1896, mpaka asilikali a Italy mu linga anagonja ndi ludzu. Kadontho kameneka kamadzutsa mafunso kuposa china chilichonse.

Mapu achitatu, a tsiku lenileni la nkhondo ya ku Adwa, la 1 Malichi 1896, ali ndi vuto. Mapiri anajambulidwa ndi utoto umodzi wotuwa, ndiye sizioneka chifukwa chimene magulu a Baratieri, mkulu wa asilikali a Italy, anasochererana poyenda usiku. Gulu la Albertone linatsogola kutali, la Dabormida linapatukira kwina, ndipo aliyense anakumana ndi adani payekha. Popanda zigwa ndi zitunda kuoneka bwino, ana amangoganiza kuti a Italy anachepa basi. Muyenera kujambulapo nokha mapiriwo ndi maka yofufutika. Pulasitikiyo imafufutika bwino ndi kansalu konyowa, koma maka yosafufutika imasiya banga.

Chotidandaulitsa kwambiri ndi kabuku. Nkhani ya chakudya yapatsidwa ndime imodzi yokha, chonsecho ndi pamene pagona nkhani. Dziko la Ethiopia linali litangotuluka m'njala yoopsa ya 1888 mpaka 1892 imene inadza ndi mliri wa ng'ombe. Amayi zikwizikwi ankatsagana ndi gulu la nkhondo, akupera ufa, kutunga madzi ndi kusamalira ovulala. Pofika kumapeto kwa Febuluwale chakudya chinali chitatsala pang'ono kutha, ndipo Baratieri akanadikira, gulu la Menelik likanayamba kubalalika. Baratieri anaukira chifukwa Crispi, nduna yaikulu ya Italy, ankamukakamiza kuchokera ku Rome. Crispi ameneyu kabukuka sikakumutchula n'komwe. Ndime 17 ya pangano la Wuchale la 1889 la pakati pa Menelik ndi Italy, imene inkanena zosiyana m'Chiamhariki ndi m'Chitaliyana, yafotokozedwa bwino, apo sitidandaula.

Makadi ndi opyapyala, m'makona mumapindika pakangotha milungu itatu. Akuteni ndi pulasitiki musanayambe, ndipo pangani makadi anu ena a abulu onyamula katundu ndi nkhokwe za chakudya kuti muziika pa mapu oyamba. Tikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu.