Kirimu wa shea butter wa tsitsi lopotana: ndemanga yanga patatha miyezi inayi

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinachita dala kudikira kuti kachigubu koyamba kathe ndisanalembe, chifukwa ndikanalemba sabata yoyamba ija ndikanapereka imodzi yokha, ndipo ndikanamunamizira kirimuyu.

Pachigubu analembapo kuti ndi wa tsitsi la mtundu wa 4. Manambalawa adayamba ndi Andre Walker, yemwe ankakonza tsitsi la Oprah Winfrey wa pa TV ku America uja. Walker ndi amene m'zaka za m'ma 1990 adagawa tsitsi m'magulu anayi, kuyambira lowongoka kufikira lopotana kwambiri. Langa lili kumapeto kwenikweniko, lija anthu amati 4C. Kwa zaka zambiri ndinkaliwongola ndi mankhwala, mpaka khungu la pamutu linatopa ndi kupsa komanso nkhanambo. Ndinameta lonse lowongolalo n'kutsala ndi langalanga, lomwe, kunena zoona, sindinkalidziwa. Munthu wamkulu ndithu, koma osadziwa poyambira pamutu pako pomwe. Zinkandiwawa mumtima.

Masiku oyamba ndinkatapa kirimu wambiri m'mawa n'kupaka patsitsi louma, monga timadzolera mafuta m'thupi. Pamwamba linkanyezimira, koma pofika masana likagwidwa linali gwaa, ngati waya wotsukira mapoto. Pilo yonse mafuta okhaokha. Ndikapesa, pasinki pankadzaza tizidutswa tifupitifupi. Tsitsi lothothoka lokha limakhala lalitali, lili ndi kadontho koyera kumuzu, ndipo munthu aliyense amataya pakati pa 50 ndi 100 patsiku. Izi zanga sizinali zimenezo ayi. Linali kuduka pakati.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wokonza tsitsi. Analigwira, n'kutenga chigubucho, kuchitembenuza, n'kundiuza ndiwerenge ndekha zosakaniza. Shea butter (mafuta ochokera ku njere za mtengo wa shea) poyamba, kenako mafuta a kokonati, mafuta a nsatsi, ndi zonunkhiritsa. Madzi mulibe ndi dontho lomwe. Anandifotokozera kuti chimene chimafewetsa tsitsi ndi madzi, ntchito ya mafuta ndi kutsekera madziwo kuti asathawe msanga. Ndiye ine ndinkatsekera chiyani patsitsi louma? Ndinkangotsekera kuumako.

Anandiuzanso chifukwa chake tsitsi ngati langa limauma chotere. Khungu la pamutu limatulutsa mafuta akeake, ndipo patsitsi lowongoka mafutawo amatsetsereka mosavuta mpaka kunsonga. Patsitsi lopotana njira yake ndi yokhotakhota, mafutawo amathera kufupi ndi muzu, nsonga n'kutsala zopanda kanthu. Komanso paliponse pamene kachingwe ka tsitsi kakhota, pamakhala pofooka. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuliona ngati tsitsi losamva.

Panopa ndimachita chonchi. Ndimatsuka kamodzi pa sabata, nditaligawa m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Conditioner (wofewetsa tsitsi ukamatsuka) adakali m'mutu, ndimamasula mfundo ndi zala kaye, kenako chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kukwera kumuzu. Thaulo ndinalisiya, ndimangofinya pang'onopang'ono ndi sikipa yakale. Tsitsi lidakali lachinyezi ndimapaka leave-in conditioner, uja wosiya patsitsi osatsukuluza, ndipo apa m'pamene kirimuyu amalowera. Ndimatapa kakang'ono, kongokwana pansonga ya chala, pa chigawo chilichonse. M'chigubu amakhala wolimbirapo, koma ukamutikita m'manja masekondi ochepa amasungunuka n'kusanduka mafuta oyera mbee. Ndimapaka makamaka kunsonga, ndikatero n'kupota tsitsi tizingwe tiwiritiwiri. Usiku ndimagona nditavala kachipewa ka satini, popeza nsalu ya thonje imamwa chinyezi ndiponso imakhula tsitsi.

Kusiyana kwake ndinakuona sabata yachitatu. Ndinamasula chopota chimodzi cha kunkhongo, komwe kunkakhala kolimba kuposa konse, ndipo chala chinadutsa kuyambira kumuzu mpaka kunsonga osakodwa. Ndinabwereza katatu, osakhulupirira. Kufewako kumakhala masiku atatu kapena anayi. Likayamba kuuma ndimangowaza madzi ndi kabotolo kopopera, n'kuwonjezera kirimu pang'ono kwambiri. Tizidutswa ta pasinki tija tinachepa kwambiri moti tsopano ndimachita kutifunafuna.

Amene mukuphunzira twist-out, kuja kupota tsitsi kenako n'kulimasula kuti likhale lopindikapindika, kirimuyu amagwira bwino mapindikidwe, koma musamasule zopota zisanaumiretu. Ine kawiri konse ndinapupuluma m'mawa, mkati mudakali monyowa, ndipo pasanathe ola mutu wonse unali utafufuma opanda mzere ndi umodzi womwe. Chifukwa kirimuyu ndi wolemera, tsitsi limachedwa kuuma. Ndikapota madzulo a lero, ndimamasula mkuja.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa izi. Chachikulu ndi malangizo. Pachigubu pali mizere iwiri yokha, ya zilembo zing'onozing'ono, ndipo palibe pamene akunena kuti upake patsitsi lachinyezi. Mawu ochepa amenewo akanandipulumutsira masabata awiri a tsitsi loduka, ndipo ndikudziwa kuti alipo ena amene anataya chigubu chodzadza poganiza kuti anawapusitsa. Fungo nalo ndi lamphamvu mopitirira, tsiku loyamba limandipweteketsa mutu pang'ono. Ndikaphatikiza ndi gel amene ndinali naye, pamatuluka timibulu toyera tooneka ngati mfundu, choncho yesani kaye kusakaniza ziwirizo padzanja musanapake m'mutu. Ndinasiyaponso chigubu pamalo otentha, kirimu n'kusungunuka, ndipo atagwirananso anakhala wamchengamchenga. Amagwirabe ntchito, koma kupaka kwake sikukomanso. Ndipo patatha masabata angapo amaunjikana patsitsi, madzi n'kumangotsetsereka osalowa. Zikatero pamafunika shampu weniweni, conditioner yekha sachotsa.

Pali mawu ena pachigubupo amene sindikugwirizana nawo, oti amakulitsa tsitsi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo limakulira kumuzu, mkati mwa khungu. Chimene kirimuyu wandichitira ndi kuletsa nsonga kuduka, ndiye zomwe zamera zikukhalapo. Saletsanso tsitsi kufupika likauma. Langa ndikalikoka limafika pachibwano, ndikalisiya limabwerera m'makutu, ndipo ndaphunzira kuti tsitsi lopotana lathanzi limatero. Tsitsi la m'mbali mwa chipumi, lomwe linaperepeseka chifukwa cholukitsa mokoka kwambiri, layamba kubwerera, koma ndikukhulupirira kuti chathandiza ndi kusiya malukidwe othinawo. Ngati kwanu kwayera kwa nthawi yaitali, pitani kwa dokotala wa khungu, musadalire chigubu.

Ngati tsitsi lanu ndi lopyapyala kapena lopotana pang'ono chabe, kirimuyu akulemerani, funani wopepukirapo. Koma ngati ndi lothithikana ngati langa, lomwe limauma ukangotuluka m'bafa, mugule, bola mugulirenso limodzi kabotolo kopopera madzi. Ine chigubu chachiwiri ndatsegula dzulo, ndipo ichi ndachiika pamalo ozizira.