Pulogalamu yoyeserera jazz ija, patatha miyezi ili pafoni panga

Chilimwe chathachi ndinayamikira kwambiri pulogalamu ya pafoni yomwe imakuimbira besi, ng'oma ndi piyano uku ma chord akuyenda pasikirini, iwe n'kumapeka solo yako pamwamba. Ndinali nditangoigula kumene, ndipo ndinati aliyense woimba kiyibodi kutchalitchi yemwe akusirira jazz aipeze. Mvula yagwa, yatha, mwera wayamba kuwomba kunyanjaku, ndipo ena mwakhala mukundifunsa ngati tsopano ndikuimbadi jazz. Blues ndikuimba mosachititsa manyazi. Nyimbo za ma chord ambiri ndikadakwawa. Pulogalamuyi ili ndi gawo lake pa zonse ziwirizi.

Ubwino wake sunasinthe. Ukatsitsa nyimbo kamodzi, sifunanso bandulo, ndipo magetsi akathima ine ndimapitiriza bola kiyibodi ili ndi mabatire. Liwiro umachepetsa mmene ukufunira, malo ovuta umawabwereza mpaka zala zizolowere. Koma chomwe yandithandiza koposa ndi kiyi. Ambirife oimba kutchalitchi kuno ku Salima tili ndi kiyi imodzi yomwe tinakwatira, wotsogolera nyimbo akayambira kwina timangodina transpose, batani losuntha kiyi zala zili pomwepo, basi. Jazz siilola zimenezo, chifukwa nyimbo imodzi yomweyo imatha kusuntha kiyi kangapo isanathe. Pulogalamuyi imatha kukweza kiyi yokha nyimbo ikazungulira, ndiye ufune usafune umadutsa mu makiyi onse 12. Batani la transpose lija pano lachita fumbi.

Chachiwiri ndi 2-5-1, kutanthauza ma chord oyambira pa noti yachiwiri, yachisanu ndi yoyamba ya kiyi. Ife tinakulira 1-4-5, koma jazz yambiri imayenda pa 2-5-1, mu C ndiye kuti Dm7, G7, Cmaj7. Pulogalamuyi imakuonetsa scale, mndandanda wa manoti, yoti uimbe pa chord iliyonse, ndipo apa mpamene ndayamba kuikayikira. Ukatsatira ma scale amenewo, zala zimangokwera ndi kutsika, palibe noti yolakwika, komanso palibe chomveka. Chomwe chinanditsegula makutu sichinalembedwe pasikirini: pa chord iliyonse gwira manoti awiri, noti yachitatu komanso noti yachisanu ndi chiwiri, kuwerengera kuchokera pa noti yomwe chord yayambira. Pa Dm7 ndi F ndi C, pa G7 ndi B ndi F, pa Cmaj7 ndi E ndi B. Taonani mmene zikuyendera. C uja amangotsika pang'ono kukhala B, kenako F amatsika pang'ono kukhala E. Kwa oimba solfa, ndi do kutsikira pa ti, fa kutsikira pa mi, zomwe makwaya athu amachita Lamulungu lililonse. Ndinayamba kuzimitsa piyano ya mupulogalamu, kusiya besi yokha, n'kumaimba manoti awiriwa pang'onopang'ono. Solo ikamatera pa manoti amenewa, munthu amamva chord ikusintha ngakhale palibe woigwira. Ichi pulogalamu siyingakuuze, koma ndi malo abwino ochiyesera.

Vuto lake lenileni ndinaliona nditayamba kuimba ndi anthu. Pali madala ena a gitala omwe amaimba kumalo ogona alendo ku Senga Bay kumapeto a sabata, anthu omwe anakulira kwela ya abale a kwa Kachamba ndi nyimbo za Alan Namoko. Sawerenga chord ngakhale imodzi papepala. Anandilola kukhala nawo pa pulakatisi, tinayamba blues ya ma bar 12 mu F, ine n'kukhuthula zonse zomwe ndinayeserera. Titamaliza anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, ukuthamangira kuti? Wabesiyu wakufunsa funso kawiri konse, iwe osamuyankha." Ndinati, "Madala, funso lake liti?" Anauza wabesi kuti abwereze. Kanali kachidutswa ka manoti atatu komwe amaponya kumapeto kwa mzere, kudikira kuti wina akatole.

Pulogalamu siponya chilichonse. Uimbe mokweza, uimbe motsitsa, usiye kuimba upite ukamwe madzi, ng'oma zake zimangogunda chimodzimodzi. Ukakhala nayo miyezi wekha m'chipinda umazolowera kuyankhula osamvetsera, ndipo umadzaza mpata uliwonse poti palibe wina woufuna. Kuli ngati kuphunzira kupalasa bwato lili pamchenga: nkhafi uigwira bwino ndithu, koma za mafunde sudziwa kanthu. Madala aja anayamba kundipatsa ma bar anayi, iwo anayi, wang'oma anayi, ndipo lamulo lawo linali loti uyambire pomwe mnzako wasiyira. Masabata ochepa a zimenezi anandisintha kuposa miyezi ya pafoni.

Nayo swing ya pulogalamuyi, kagundidwe konyang'ama ka jazz kaja, ndi youma. Imagawa nthawi molondola mwa masamu, koma oimba enieni amakoka pang'ono, amatsalira dala, amakankha. Ife tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa ng'oma zambiri zakwathu zimagawa kugunda kumodzi patatu, ndipo swing imachokera mommo. Thupi limaidziwa kale, bola usalole makina akuphunzitse kuuma. Ine pano ndimazimitsa ng'oma zake n'kusiya kakugogoda ka metronome, kachipangizo kosunga liwiro, pa 2 ndi 4, pomwe woimba ng'oma wa jazz amaponda hi-hat. Masiku oyamba mutu umatembenuza, umayamba kumva ngati ndi 1 ndi 3, koma zikakhazikika sufunanso kubwerera.

Komanso dziwani kuti pulogalamuyi ilibe mawu a nyimbo kapena kayimbidwe kake, ili ndi ma chord okha. Ungathe kuloweza ma bar 32 onse a nyimbo, AABA yake yonse (gawo loyamba kawiri, gawo lina, kenako loyambalo kubwereranso), koma osatha kuing'ung'udza. Choncho theka la nthawi yomwe ndinkathera pa iyo ndinalipereka kwa makutu. Ndimatenga kachidutswa kakafupi ka Louis Armstrong, wa ku New Orleans uja anabadwa mu 1901, ndikuimba pakamwa mpaka nditakagwira, kenako ndikukasaka pakiyibodi. Miles Davis ndi wabwino kwa oyamba chifukwa manoti ake ndi ochepa ndipo amapuma. Charlie Parker ndi bebop yake, jazz yothamanga ya m'ma 1940, musayambire, liwiro lake lingokugwetsani ulesi. Ndipotu Parker yemweyo ali mnyamata ankaloweza ma solo a Lester Young kuchokera pa malekodi. Kachidutswa ndikakagwira, mpamene ndimatsegula pulogalamu kuti ndikayendetse mu makiyi ena. Pa ntchito imeneyi yokha, ndalama yanga inabwerera.

Tinthu tina ting'onoting'ono. Sipika ya foni siitulutsa besi, ndiye popanda kasipika kapadera kapena chingwe cholowetsa mukiyibodi mukhala mukumva ng'oma zokha. Ma chord ambiri analembedwa ndi ogwiritsa ntchito anzathu, ena ndi olakwika, ndiye khutu likakana, khulupirirani khutulo. Ndipo ndi kutentha kwa kuno, foni ikakhala yoyaka nthawi yaitali pamwamba pa kiyibodi imapsa ngati ili pamoto, batire osachedwa kutha.

Wina anandifunsa ngati mwana wake yemwe wangoyamba kumene kiyibodi angaigwiritse ntchito. Ndinati adikire kaye. Munthu yemwe sanayambe kugwira ma chord a manoti anayi ndi dzanja lamanzere angosokonezeka ndi zilembo zothamanga pasikirini. Koma ngati mumaimba kale kutchalitchi kapena m'bandi ya maukwati, ndipo mumatha kutola nyimbo ndi khutu, ipezeni, muyambe ndi blues mu F ndi B flat pa liwiro lotsika. Muzidzijambula pafoni ina kapena pa yomweyo, mumvetsere mawa lake, chifukwa pomwe ukuimba zonse zimakoma.

Pakadali pano ndikulimbana ndi 2-5-1 ya minor, Dm7b5 kupita pa G7 kukatera pa Cm. A flat wa mu chord yoyambayo amandithawabe pa liwiro. Madala aja akuti Loweruka ndibwere opanda foni, tikaiyese pa nyimbo yawo ina yomwe ilibe ndi pepala lomwe.