Kukhala pa kampasi kapena ODeL: wochokera ku Salima athandizidwa kuti?

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, pa Kamuzu Road pamamveka nkhani ziwiri. Ena amakhala akukonza ulendo wa ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Thyolo. Ena, makamaka amene ali kale pantchito monga aphunzitsi a pulayimale, amafunsa za ODeL, maphunziro ochita uli kwanu. Ine ndinakhala pa kampasi zaka zinayi. Mlongo wanga, yemwe amaphunzitsa cha ku Chipoka, akuphunzira mwa ODeL, ndipo chaka chake choyamba ndachiona ndi maso chifukwa laputopu yake amadzatchajira kwathu magetsi akavuta kwawo.

Anthu poyerekeza njira ziwirizi amathamangira pa fizi ndi malo ogona. Ine ndikufuna tione chimene chimagwetsa ambiri m'chaka choyamba: zinthu zikakuvuta amakuthandiza ndani, ndipo umawerengera pati?

Tiyambe ndi mabuku. Pa kampasi laibulale ili pompo. Sabata yoyamba, ma yearo, ophunzira a chaka choyamba, amayendetsedwa m'katimo kuonetsedwa kapezedwe ka buku pa shelefu ndi kafufuzidwe ka pa kompyuta. Ambiri amaizemba sabata imeneyi poganiza kuti ndi yongocheza, koma anzanga, musaiphonye. Ine ndinachokera ku CDSS komwe buku limodzi la Biology tinkalizungulira gulu lonse, ndipo tsiku limene ndinalowa m'laibulale ya yunivesite sindinadziwe poyambira. Amene anandimasula ndi mayi wina wogwira ntchito m'menemo. Anatenga kapepala, nalemba nambala ya buku, nayenda nane mpaka pa shelefu yake.

Sikuti zonse zili myaa. Buku limene lekichala walitchula m'kalasi limakhala ndi makope ochepa, ndiye amaliika pa short loan: umabwereka maola owerengeka n'kubweza kuti mnzako aonemonso. Mayeso akayandikira mipando imatha m'mamawa, wochedwa amabwerera pakhomo. Komabe pali tebulo, pali kuwala, pali bata. Ndipo ukakhala pa netiweki ya sukulu, zolemba za kafukufuku zambiri zimatseguka osalipira, chifukwa malaibulale a m'dziko muno amagulira limodzi mwayi umenewu kudzera m'bungwe lawo la MALICO. Musazipeputse za pa intanetizi. Laibulale ya Mzuzu University (Mzuni) itapsa mu Disembala 2015, mabuku a pa shelefu anasanduka phulusa, koma kumene kuli zolemba za pa intaneti moto sufikako.

Wa ODeL amapatsidwa mamojulo, ndipo kunena zoona ine ndinawasirira. Amalembedwa poganizira munthu amene ali yekha: mutu umafotokozedwa pang'onopang'ono, kumapeto kuli mafunso odziyesa wekha. Manotsi amene ndinkakopera mothamanga m'holo yodzaza anthu sangafanane nawo. Vuto limayamba asayimenti ikafuna kuti uwerenge zoposa mojulo. Mzuni, mwachitsanzo, ili ndi malo othandizirako ophunzira a ODeL ku Karonga, ku Lilongwe, ku Balaka ndi ku Mulanje. Kwa ife a ku Salima apafupi ndi a ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Minibasi popita ndi pobwera, kuwonjezapo chakudya, ndi ndalama imene mphunzitsi sangaitulutse sabata ndi sabata. Mapeto ake laibulale ya wa ODeL ndi foni yake, ndipo foni imadya bandulo.

Pa malo owerengera m'pamene ndinamumvera chisoni mlongo wanga. Mwezi wa Okutobala kuno kunyanja mukukudziwa kutentha kwake. Ankayamba wachonga makope a ana a Sitandade 6, kuphika, kugoneka mwana, kenako n'kukhala pa mphasa ndi kanyale ka sola, malata akutulutsabe moto wa masana, udzudzu ukulira m'makutu. Tsamba limodzi ankalibwereza katatu osagwirapo kanthu. Chimene chinamupulumutsa n'kusintha nthawi ndi malo. Anayamba kudzuka 4 koloko m'bandakucha kukadali kozizirirapo, ndipo masana ana akaweruka amatsalira m'kalasi maola awiri, atapempha kiyi kwa ahedi. Zofunika kudawuniloda amazisunga pa kapepala, n'kudzazitsitsa zonse nthawi imodzi akabwera pa boma pomwe netiweki imagwira bwino.

Nanga aphunzitsi? Apa kampasi ikuposa, ndipo sindikayika. Chitseko cha lekichala chili pafupi, kungoti ma yearo ambiri amaopa kugogoda. Tinaleredwa mwaulemu, wamkulu sitimufunsafunsa, ndipo munthu wa madigiri atatu timamuona ngati phiri. Asayimenti yanga yoyamba inabwerera itafiira ndi inki. Ndinali nditakopera ndime za m'buku osatchula mwini wake, monga tinkachitira ku sekondale, osadziwa kuti ku yunivesite umenewo ndi mlandu waukulu wotchedwa plagiarism. Ndinazengereza masiku atatu, kenako ndinagogoda. Bambowo anandikhazika pansi, nandionetsa kalembedwe ka dzina la wolemba ndi chaka, ndipo sizinatenge ngakhale theka la ola. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mlongo wanga atakumana ndi vuto lomwelo analemba uthenga, yankho linabwera patapita masiku, tsiku lopereka ntchito litayandikira kale. Sindikuwada aphunzitsiwo, ali ndi ophunzira ambiri obalalika dziko lonse. Koma zikutanthauza kuti masabata ochepa amene a ODeL amaitanidwa kukakumana ndi aphunzitsi maso ndi maso ndi a mtengo wapatali. Pitani ndi mafunso olembalemba. Musachokeko musanayese kulowa ndi foni yanu pa Moodle, tsamba la pa intaneti lophunzirirapo, ndiponso musanafunse a ku laibulale mmene mungatsegulire mabuku a pa intaneti muli kunyumba.

Pa magulu a diskashoni ndinadabwa, chifukwa ndinkayesa kuti kampasi iposanso. Magulu alipo ambiri ndithu, pansi pa mitengo ndi m'makalasi opanda anthu madzulo, koma ochuluka amathera pa nkhani za mpira. Langa loyamba linali la anthu khumi ndi awiri, owerenga anali atatu. A ODeL ndi anthu akuluakulu, fizi ikuchokera m'thumba mwawo, sabwera kudzaseka. Gulu lalikulu la pa WhatsApp limadzaza phokoso, koma m'menemo ndi mmene mlongo wanga anapezamo anzake atatu a m'boma lomwe lino, mmodzi wa ku Senga Bay, awiri a pa boma. Amakumana Loweruka lililonse, aliyense atakonzeratu gawo lake loti afotokozere anzake. Ndinakhalapo nawo tsiku lina, ndipo kukambirana kwawo kunaposa magulu ambiri amene ndinawaona ku sukulu.

Zina n'zosachita kutalikitsa. Maphunziro ofuna labu tsiku ndi tsiku amafuna ukhale pa kampasi. Ofesi ya Dean of Students, alangizi ndi kachipatala ka sukulu zimathandiza amene ali pafupi nazo.

Ndiye ndingalangize bwanji? Mng'ono wanga amene wangolemba kumene MSCE, wosazolowera kudzilamulira nthawi, ndingamuuze kuti apite pa kampasi ngati wasankhidwa, ndipo ayambe msanga kufunsa za ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite. Koma adziwe kuti mabedi a m'hositelo sakwanira onse. Akachita lendi kutali, laibulale ya usiku yamuthawa, pakuti palibe amene afuna kuyenda mumdima atanyamula laputopu. Posankha nyumba ayese mtunda wake wapansi, asangoona kutchipa kwa lendi.

Kwa achimwene ndi achemwali amene muli ndi ntchito ndi banja kuno, ODeL ndi njira yeniyeni, digiri yake si yachiwiri kwa inayo. Kungoti thandizo limene wa pa kampasi amalipeza litayalidwa kale, inu mudzadziyalira nokha. Mlongo wanga tsopano semesita isanayambe amakhala atapatula kale ndalama ya bandulo pa malipiro ake, kiyi ya kalasi ili m'chikwama, ndipo Loweruka achibale onse akudziwa kuti sapezeka pa chinkhoswe.