Ufa wa tizilombo todya oyilo, ndauyesa pa galaja pathu ku Highfield

Anzanga okonza magalimoto kuno ku Harare, ndati ndikuuzeni za ufa uja ndinagula ku shopu ina ya mankhwala a m'mafakitale ku Msasa. Kuseri kwa galaja yathu ku Gazaland, mu Highfield, dothi linali bii, oyilo ndi dizilo wa kuyambira nthawi ya malemu bambo anga, mvula ikagwa madzi amatuluka akunyezimira mafuta pamwamba n'kulowa m'ngalande, ndiye mukudziwa nokha kuti zonsezi zimakagwera mu mtsinje wa Mukuvisi, kenako wa Manyame mpaka Lake Chivero komwe kumachokera madzi timamwawa. Chinkandiwawa kwambiri chimenecho.

Ufawo ukauona ngati gaga, kafungo ka manyowa, koma mkati muli mabakiteriya amoyo amene chakudya chawo ndi mafuta. Njira yake ndi yomwe ija amayeretsera matope otuluka pobowola zitsime za mafuta ndi gasi, zitsime zonga Mukuyu-1 chimene kampani ya Invictus Energy inabowola ku Muzarabani mu 2022.

Pomwe anandikhumudwitsa ogulitsa ndi apa, anangoti "mwazani basi bambo". Ine n'kumwazadi mu June, kukuzizira, dothi louma gwa ngati simenti. Mwezi wathunthu palibe chinasintha, ndalama yanga n'kuona ngati yapita. Mwana wa achemwali anga amene anaphunzira zaulimi ndiye anandimasula, akuti malume izi ndi zamoyo, zimafuna mpweya, chinyezi, kutentha ndi nitrogen (chakudya chija cha mu manyowa ndi feteleza), mwaziika pa njala. Mu September tinagaula ndi piki, kusakaniza ufa wotsala ndi zitosi za nkhuku, kuthirira pang'ono osati kuchita chithaphwi ayi, ndi kutembenuza Loweruka lililonse ngati kompositi.

Pofika mvula yoyamba mu November fungo la dizilo linali litatha, dothi ukalifinya m'manja limayoyoka osasiya mafuta pa zala, mpaka kaudzu kamera m'mbali. Koma pomwe tinkakhuthulira oyilo wakale wa mu injini padakali poderako, oyilo wolemera amatenga nthawi, ndipo zitsulo ngati lead zopezeka mu oyilo wakale tizilomboti sitidya, ndiye mayi a kunyumba atati adzalepo repu ndinakana.

Ndingagulenso? Eya, koma ndikawauza maso ndi maso kuti aziika kapepala ka malangizo mu paketi. Oyilo wokhuthula mu injini tikusunga mu dilamu tsopano, pansi sitithiranso.