Miyezi 10 ya maganyu a pa Upwork ndi Fiverr: chimene chinandibweretsera makasitomala

Nditatha mwezi umodzi pa Upwork ndi Fiverr, masamba a pa intaneti opezerapo maganyu, ndinalemba mwachidule kuti Fiverr ndi yosavuta kuyambira, Upwork imafuna khama, ndipo munthu watsopano atsegule ma akaunti onse awiri n'kudikira. Tsopano yakwana miyezi 10 ndikukonzera anthu ma slide a PowerPoint, zoonetsa pa sikirini pofotokoza nkhani pa msonkhano, ndipo mawu oti "kudikira" aja ndikuwabweza. Kudikirako n'kumene kunandidyera miyezi iwiri yoyambirira popanda chogwirika.

Profile yanga yoyamba, pomwe munthu amadzifotokoza kwa makasitomala, inkanena kuti ndimalemba, ndimamasulira, ndimajambula ma logo, ndimakonza Excel ndiponso PowerPoint. Ndinkaona ngati ndikatchula zambiri aliyense wodutsa apezapo chake. Pa Fiverr, pamene iwe umaika ntchito yako ngati katundu, yomwe amaitcha gig, n'kumayembekeza kuti wogula akupeze, ma gig anga anayi anangoti zii. Pa Upwork zimayenda mosiyana: kasitomala ndiye amalengeza ntchito, inu mumatumiza kalata yofunsira, ndipo kalata iliyonse imadya ma Connects, timakuponi tofunsira ntchito pa tsambali, omwe akatha mumayenera kugula ena kapena kudikira. Ndinatumiza makalata 31. Anayankha anthu awiri, ndipo pa awiriwo palibe anandilemba.

Makalata aja ndimawawerengabe nthawi zina, chifukwa ndi amene anandiphunzitsa. Onse ankayamba ndi ine: dzina langa, maphunziro anga, kuti ndine wolimbikira komanso wosunga nthawi. Kasitomala akatsegula mndandanda wa ofunsira amaona mizere yoyambirira yokha ya kalata iliyonse, ndipo ngati anthu 20 onse akudzitchula olimbikira, alibe chifukwa chotsegulira yanu. Munthu amene alibe ndemanga ya kasitomala ngakhale imodzi pa dzina lake sangapikisane ndi mbiri. Chimene angapikisane nacho ndi kusonyeza kuti wawerenga vuto la mwini ntchito n'kulimvetsa.

M'mwezi wachitatu ndinafufuta zonse n'kusiya chinthu chimodzi: kukonza ma slide amene munthu walemba kale koma akuoneka osokonekera. Mtima unkandiwawa pochotsa zomasulira, chifukwa ndimazikonda, koma sindinali ndi chosonyeza pa zimenezo. Ndinatenga sabata yathunthu kupanga zitsanzo zitatu za makampani ongopeka, chilichonse chili ndi mbali ziwiri, mmene slide inalili ndi mmene ndinaikonzera, ndipo ndinalemba poyera kuti ndi zitsanzo chabe. Musanamize anthu kuti munagwirira ntchito kampani imene simunaionepo. Amafunsa, ndipo bodza la mtundu uwu silikhalitsa.

Ntchito yoyamba ndimaikumbukira bwinobwino. Mayi wina analengeza kuti ali ndi ma slide 38 oti akaonetse kwa anthu ofuna kuika ndalama m'bizinesi yake, ndipo anaikapo fayilo yake. Nditaitsegula ndinapeza mitundu isanu ya zilembo, mitu ikudumphadumpha malo kuchoka pa slide ina kupita pa ina, ndipo fayiloyo inali ya kukula kwakale kwa 4:3 pamene ma sikirini ambiri masiku ano ndi a 16:9. Pa slide 7 panali tebulo la manambala ang'onoang'ono oti munthu wokhala kumbuyo sangawaone. Kalata yanga inayamba chonchi: "Mitu yanu ikusunthasuntha chifukwa inaikidwa pamanja m'malo mogwiritsa ntchito slide master. Tebulo la pa slide 7 likhoza kusanduka tchati chimodzi cha mizati itatu." Slide master ndi slide yaikulu imene imalamulira maonekedwe a ma slide ena onse. Za ine ndinalemba mzere umodzi kumapeto. Anandiyankha pasanathe ola, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti mwa onse amene anafunsira, ndine ndekha amene ndinatchula nambala ya slide.

Kuyambira pamenepo ndimatumiza makalata ochepa kwambiri, atatu kapena anayi pa sabata, koma iliyonse imanditengera mphindi 20 kapena kuposa. Ndisanalembe ndimayang'ana ngati kasitomalayo anatsimikiza njira yake yolipirira, ngati analembapo ena ntchito, komanso zimene anthu amene anawalembawo ananena za iye. Ntchito yolengezedwa ndi mizere iwiri, yopanda fayilo, yopanda tsiku lomalizira, ndimaidutsa. Pali njira yokwezera kalata yanu pamwamba pa anzanu poonjezera ma Connects. Ndinaiyesa kangapo, ndipo ndinaona kuti imathandiza kuti akuoneni koma siisintha zimene mwalemba. Kalata yofooka ikakhala pamwamba imangokanidwa msanga.

Fiverr inadzuka mochedwa, m'mwezi wachisanu, nditatsala ndi gig imodzi yokhala ndi chithunzi cha slide yoipa ndi yokonzedwa zitagundizana. Kumeneko chithunzi choyamba ndi mutu wa gig ndiye kalata yanu yonse. Tsambali limayang'ananso ngati mumayankha mauthenga atsopano pasanathe maola 24, choncho pulogalamu ya pa foni ndi yofunika. Pa malipiro, Fiverr imatenga 20 peresenti ya ndalama ya ntchito iliyonse, ndipo kwa wogulitsa watsopano ndalamayo imakhala masiku 14 musanaitulutse. Upwork inkadula 20, 10 kapena 5 peresenti malinga ndi kuchuluka kwa zimene mwapeza kwa kasitomala mmodzi, mu 2023 inasintha n'kuika 10 peresenti, ndipo mu 2025 inayamba kudula mosiyanasiyana mpaka 15 peresenti. Zimenezi muziziwerengera musanatchule mtengo. Ine poyamba sindinkatero, ndipo ndinkadabwa kuti ndagwira usiku wonse koma chotsala m'manja n'chochepa.

Pa nkhani yotsitsa mtengo kuti mupeze ndemanga zoyamba, maganizo anga asintha pang'ono. Ndinatsitsa pa ntchito zitatu zoyambirira ndipo sindidandaula, chifukwa nyenyezi zisanu zimene makasitomalawo anandipatsa pa ndemanga zawo zinanditsegulira khomo. Koma mtengo wotsika umaitananso anthu ovuta. Bambo wina anandibwezera ntchito kasanu ndi kawiri, ulendo uliwonse ndi mawu atsopano oti ndiikemo, mpaka ma slide 12 anafika 25. Walira mvula walira matope, ndipo cholakwa chinali changa, popeza sitinagwirizane polemba kuti kukonzanso kudzakhala kangati. Masiku ano ndisanayambe ndimalemba kuchuluka kwa ma slide, tsiku lopereka, ndiponso kuti kukonzanso ndi kawiri, kupitirira apo ndi ntchito ina. Pa Upwork sindigwira ntchito ya mtengo wokhazikika kasitomala asanaike ndalama ku escrow, kumene imasungidwa mpaka ntchito ivomerezedwe. Ndemanga imodzi yoipa imalemera kwambiri pamene muli ndi zochepa, ndipo Job Success Score, malikisi a pa Upwork osonyeza mmene makasitomala akukhutirira nanu, imene iyenera kufika 90 peresenti kuti mukhale Top Rated (gulu la ogwira ntchito odalirika), imatsika mofulumira kwa munthu wa ntchito zisanu kuposa wa ntchito 100.

Achinyengo amakonda atsopano. M'sabata yanga yoyamba wina anandilonjeza ntchito yaikulu, n'kunena kuti tikalankhulane kwina, kenako anafuna ndilipire kaye "ndalama yolembetsa". Ndinamusiya pomwepo. Malamulo a masamba onse awiri amaletsa kulandira malipiro kunja kwa tsamba kuchokera kwa kasitomala amene mwamupeza pomwepo, ndipo mukatuluka mwasiya chitetezo chonse.

Chimene sindinkachiyembekezera n'chakuti kupeza makasitomala atsopano kumachepa kufunika miyezi ikamapita. Pa ntchito 27 zimene ndamaliza, 16 zachokera kwa anthu anayi okha. Mayi wa ma slide 38 uja wabwera kasanu, ndipo anandilozeranso mnzake. Sindinachite chodabwitsa. Ndimapereka ntchito tsiku limodzi nthawi isanakwane, ndimaikapo kakalata kofotokoza zimene ndasintha ndi chifukwa chake, ndipo ndikaona nambala imene sikugwirizana ndi ya pa slide ina ndimamuuza ngakhale sanandifunse. Tsiku lina ndinapeza kuti chiwerengero cha pa tchati chake chikusiyana ndi cha m'mawu a pansi pake. Anandilembera kuti akanachita manyazi pamaso pa anthu, ndipo kuyambira tsikulo salengezanso ntchito zake, amangonditumizira mwachindunji.

Kwa woyamba kumene, ndikuona kuti Upwork ndiyo imaphunzitsa msanga, chifukwa mumawerenga mavuto enieni a makasitomala tsiku ndi tsiku ndipo mumadziwa zimene anthu akufuna kulipirira. Fiverr imayamba kupindulitsa mukadziwa kale chinthu chimodzi chimene mumagulitsa. LinkedIn, tsamba lochezerapo za ntchito, ndayamba kuigwiritsa ntchito miyezi iwiri yapitayi, ndikuikapo slide imodzi yokonzedwa sabata iliyonse, ndipo pakadali pano yandipatsa mafunso awiri ndi ntchito imodzi yaing'ono. Mwezi wamawa ndikweza mtengo kachitatu, ndipo makasitomala anga anayi aja ndawadziwitsa kale. Atatu avomera, wachinayi sanayankhebe.