Paipi ikaphulika m'nyumba ya lendi, katundu alipira ndani?

Abale anga, mumandifunsa kawirikawiri za ntchito ndi mapepala kuno ku America, koma nkhani ya nyumba za lendi ndi imene yandiwawa mtima chaka chino.

Nyengo yozizira yapitayi paipi inaphulika m'nyumba ya pamwamba pa mnzanga wina wakuntchito. Kuno kukazizira kwambiri madzi amaundana m'paipi mpaka kuing'amba. Iye anali pa shifiti ya usiku. Pofika m'mawa anapeza siling'i yagwera pabedi, laputopu ili m'madzi, sutikesi ya zovala zomwe ankasungira ana ake ili khathi. Tinatha tsiku lonse tikufinya mabulangete, iye osayankhula.

Mwini nyumba anakonza siling'i mwachangu, koma za katundu anakaniratu. Zowawa, komatu sanalakwe. Inshuwaransi yake imateteza nyumbayo, osati zinthu za wochita lendi. Amakakamizidwa kulipira pokhapokha ngati ananyalanyaza, monga munamudziwitsa kuti paipi ikudontha iye osabwera kudzakonza. Apanso pamafunika umboni. Chikavuta chilichonse m'nyumba, mulembereni uthenga ndi kuusunga, chifukwa zonena pakamwa kukhoti sizipita patali.

Chomwe chikanamupulumutsa mnzangayo ndi inshuwaransi ya anthu a lendi, yomwe kuno amati renters insurance. Ine ndimalipira madola osakwana 20 pamwezi. Imabweza katundu akapsa, akabedwa kapena akaonongeka ndi madzi a paipi, ndipo nyumba ikakhala yosagoneka imathandizanso pa ndalama za kogona kwina. Gawo limene ambiri sitiliganizira ndi la mlandu, lomwe limakulipirirani mukaononga za ena mwangozi. Mukaiwala mphika pamoto n'kutentha nyumba za anzanu, ngongoleyo ndi yanu, ndipo kwa munthu amene akutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi ikhoza kumugwetseratu. N'chifukwa chake eni nyumba ambiri salola kulowa musanaonetse pepala la inshuwaransi.

Werengani bwino musanasaine. Pali ndalama yoyamba imene mumadzilipirira nokha kampani isanayikepo yake. Mapangano ena amabweza mtengo wa chinthu chakale, poti chatha kale, ena mtengo wogulira chatsopano. Madzi osefukira ochokera kunja sawerengedwa. Amenewo ali ndi inshuwaransi yake, ya National Flood Insurance Program yomwe boma linakhazikitsa mu 1968, ndipo nthawi zambiri imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 30. Jambulani katundu wanu, malisiti musataye.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: ambiri tikangofika timagona kwa mnzathu, anayi kapena asanu m'nyumba imodzi. Inshuwaransi ya mnzanu amene si wachibale sikutetezani ngati dzina lanu silinalembedwe pamenepo. Musachite manyazi kumufunsa tsiku lomwelo lofika, mulembedwe naye kapena mutenge yanu.